Kuonana ndi mkwati musanalowe m'tchalitchi kuti mujambulitse: yambirani kwa ankhoswe, kenako yang'anani wotchi

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Mufakose: "Ndine mtsikana wobadwira kuno ku Harare, agogo anga anachokera ku Dedza, ndipo timapemphera ku CCAP. Chinkhoswe tinachita kale. Ukwati wathu udzadalitsidwa Loweruka lina pakati pa mwezi wa Okutobala, 11 koloko m'mawa, ndipo madyerero adzayamba 2 koloko masana kuholo. Wojambula wathu akuti ine ndi mnyamatayo tidzaonane m'mawa titavala kale, tisanapite kutchalitchi, kuti atijambule. Azakhali anga akuti zimenezo n'zamalodza. Kwa mnyamatayo ndi Ashona a ku Highfield, ndipo tete wakenso (mlongo wa bambo ake) sakumvetsa. Kodi n'zoyenera? Ngati n'zoyenera, zimayenda bwanji?"

Achemwali, pa nthawi zimene mwatchulazi wojambula wanu akunena zoona, ndipo ife tikuti chitani. Koma pali zinthu ziwiri zoti zikhazikike kaye: ankhoswe a mbali zonse avomere, ndipo malo ojambulirawo akhale osapitirira mphindi 15 pagalimoto kuchokera kunyumba kumene mudzavalire. Chimodzi mwa ziwirizi chikakanika, musakakamize, pali njira zina zimene tizitchula kumapeto.

Ojambula amachitcha first look. Mkwati amaima chofulatira, mkwatibwi n'kubwera kumbuyo kwake n'kumugwira paphewa, iye n'kutembenuka. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo kenako awiriwo amajambulitsa zithunzi zawo zonse anthu asanachuluke.

Nkhani ya malodzayi tiyambe nayo, chifukwa mukapanda kuimaliza bwino zina zonsezi zilibe ntchito. Lamulo lakuti mkwati asaone mkwatibwi atavala diresi loyera linabwera kuno limodzi ndi diresilo. Diresi loyera linatchuka ku Ulaya Mfumukazi Victoria ya ku Britain italivala pa ukwati wake mu 1840, ndipo kuno linafika ndi maukwati a m'tchalitchi. Pachichewa ukwati umamangidwa pachinkhoswe, ndipo kubisa mkwatibwi kwathu kumachitikira pamenepo: atsikana amatuluka atafundidwa zitenje, mnyamata n'kupeza wake, ankhoswe n'kusinthana tambala ndi nkhuku yaikazi. Inu zimenezo munadutsamo kale. Lamulo la maukwati la dziko lino la Zimbabwe, Marriages Act Chapter 5:17 limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limayang'ana msinkhu wa okwatirana, kuvomera kwawo, wodalitsa wovomerezeka ndi mboni, osati ola limene awiriwo anaonana. Baibulo nalonso silinenapo kanthu. Komabe abusa kapena mkulu wa mpingo wanu muwadziwitse, chifukwa mpingo uliwonse uli ndi kachitidwe kake pa tsikulo, ndipo si bwino kuti adzaone zithunzi pa WhatsApp asanakudalitseni n'komwe.

Azakhali anu akamati malodza, nthawi zambiri chimene akuteteza ndi kutuluka kwa mwana m'nyumba. M'mawa wa ukwati pamakhala malangizo omaliza, pemphero, nthungululu pakhomo, ndi mdipiti wa magalimoto olira mahutala mpaka kutchalitchi. Pali achibale amene adzakwera basi kuchokera ku Dedza, n'kudutsa ku Tete ndi pachipata cha Nyamapanda, kuti adzaone mphindi imeneyo. Akadzadzuka n'kumva kuti mkwatibwi watuluka kale 7 koloko kukakumana ndi mwamuna kupaki, adzaona ngati abedwa, ndipo sadzakhala akulakwitsa kwenikweni. Ndiye dongosolo lanu lisachotse mphindi imeneyo. Mutuluke mwakachetechete ndi chilolezo, mujambulitse, mubwerere kunyumba, ndipo kutuluka kwenikweni kwa nthungululu kuchitike pa nthawi yake.

Nkhaniyi musaiponye pagulu la WhatsApp la komiti ya ukwati. Ipite kwa nkhoswe wanu pamasom'pamaso, kudakali mwezi umodzi kapena kuposa, ndipo iye ndiye akaitule kwa amalume ndi makolo. Mnyamatayo naye adzere kwa tete wake, chifukwa kwa Ashona tete ndiye khomo la nkhani zotere. Pofotokoza musanene kuti ndi fasho kapena kuti munaziona pa Instagram. Nenani chifukwa chenicheni: mukufuna alendo asadikire chakudya maola awiri inu muli kojambulitsa. Akuluakulu amamva msanga mfundo yolemekeza alendo. Perekaninso zinthu zitatu zimene zimafewetsa mitima. Choyamba, azakhaliwo akwere nanu galimoto ndipo akaime chapatali n'kumaona. Chachiwiri, makolo anu akhale oyamba kukuonani mutavala, wojambula ali pomwepo, mwamunayo asanakuoneni. Chachitatu, velo mukaivale kumaso pokhapokha polowa m'tchalitchi, kuti mwambo wovundukula ukhalebe wa patsogolo pa mpingo. Mnyamatayo asafike pakhomo pa makolo anu m'mawa umenewo ngakhale pageti. Mukakumane kumalo ena.

Tsopano chifukwa chimene wojambula akulimbikira. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Okutobala ndi mwezi wotentha kwambiri, mvula isanagwe. Pakati pa mweziwo dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 ndipo limalowa itatsala pang'ono kukwana 6 koloko madzulo. Masana limakhala pafupifupi paliwombo penipeni. Kuno limafika paliwombo ndendende chapakati pa Novembala ndiponso kumapeto kwa Januwale. Mapemphero oyamba 11 koloko, kuphatikiza ulaliki, makwaya, kusainira ndi moni wa pakhomo, satha 12:30 isanakwane, ndipo mukachedwa kuyamba amafika 1 koloko. Zithunzi zanu zikadikira nthawi imeneyo zidzajambulidwa pa ola loipitsitsa la tsiku lonse. Kuwala kochokera pamwamba kumagwetsa mthunzi m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, chipumi n'kumanyezimira thukuta, anthu n'kumatsinzina. Diresi loyera limawala mopyola, moti maluwa osokedwa pansaluyo amasowa pachithunzi, pamene nkhope zathu zakuda zimada kwambiri. Kamera siingathe kusunga zonse ziwiri bwinobwino padzuwa lotero. Wojambula akatsata nkhope, diresi limapserera. Akatsata diresi, nkhope zimamira. Onjezani kuti pakati pa 1 koloko ndi 2 koloko muli ndi ola limodzi lokha loti mujambulitse ndi achibale, operekeza ndi awirinu, komanso kuyenda kupita kuholo. Sizikwana. N'chifukwa chake maukwati ambiri madyerero olembedwa 2 koloko amayamba 4 koloko, mpunga utazizira ndipo perekaniperekani n'kuthamangitsidwa chifukwa nthawi ya holo yatha.

Pa 8 koloko m'mawa dzuwa limakhala lisanafike theka la ulendo wake wopita paliwombo. Si kuwala kofewa kwa mbandakucha, koma kumabwera cham'mbali, mithunzi ya mitengo ndi nyumba imakhala yaitali, kunja kusanatenthe, ndipo zopakapaka kumaso zimakhala zidakali zatsopano.

Mtengo wake ndi tulo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhaniyi ndi kudzuka usiku. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 11 koloko. Muyenera kukhala pabwalo la tchalitchi 10:45, ndiye mdipiti unyamuke kunyumba 10:30. Kuti pakhale mpata wa kukonzanso nkhope, kudya kanthu, kupita kuchimbudzi (ndi diresi lalikulu zimenezi zimafuna anthu awiri ndi mphindi 10), malangizo ndi pemphero, mubwerere kunyumba 9:45. Choncho kujambula kuthe 9:30. Operekeza amafuna mphindi 30, ndiye ayambe 9 koloko. Awirinu mumafuna mphindi 35, kuyambira 8:25. Kuonanako kukhale 8:10, mkwati atafika kale 7:50 ndipo inu mutanyamuka kunyumba 7:45. Kuvala diresi, makamaka lomanga zingwe kumsana, kumatenga mphindi 30, ndiye muyambe 7 koloko, n'kusiya mphindi 15 zojambulitsa nokha ndi makolo. Zopakapaka za mkwatibwi zimatenga ola limodzi kapena kuposerapo, choncho mukhale pampando 5:45.

Apa ndi pamene madongosolo ambiri amagwera. Woperekeza mmodzi amatenga mphindi 30 mpaka 40 pampando. Mukakhala ndi atsikana 6 ndi wopaka mmodzi, amenewo ndi maola atatu ndi theka inu musanakhudzidwe. Pezani opaka awiri, ayambe 4:30. Mmodzi amalize atsikana awiri kenako atenge inu 5:45, winayo apitirize ndi anayi otsalawo. Mkwatibwi asakhale womaliza pamzere, chifukwa kuchedwa kwa aliyense kumaunjikana pa womaliza. Woperekeza akachedwa akhoza kutsatira, poti iwo safunika kumaloko mpaka 8:50, koma inu mukachedwa zonse zaima. Tsitsi lonse likonzedwe Lachisanu, m'mawa kungokhala kukhudza pang'ono ndi kumangirira velo. Zovala zisitidwe dzulo lake. Magetsi a kampani ya ZESA musawadalire pa 4:30 m'mawa: pakhale nyali zochajidwa zowala moyera kapena inverter, ndipo kukacha wopaka asunthire mpando pawindo, chifukwa mtundu wa ufa wopaka kumaso wosankhidwa pa kuwala kwa kandulo kapena babu yachikasu umaoneka wotuwa mukatuluka panja. Maluwa a m'manja afike Lachisanu madzulo n'kugona m'ndowa ya madzi pamalo ozizira. Wobweretsa maluwa akauzidwa kuti ukwati ndi 11 koloko amafika 10 koloko, ndipo mkwatibwi amajambulidwa chimanjamanja. Muuzeni kuti nthawi yake ndi 7 koloko. Chimodzimodzi woyendetsa galimoto ndi wojambula vidiyo: onani ngati maola amene munagwirizana akuyambira m'mawa chotero, chifukwa mwawonjezera maola awiri kapena atatu pa tsiku lawo ndipo ena amalipiritsa padera.

Za malo. Mu Okutobala aliyense amafuna jacaranda, ndipo n'zomveka, poti kuyambira kumapeto kwa Seputembala misewu ya ku Avenues ndi Africa Unity Square imakhala yofiirira ndi maluwa ake. Koma dziwani zitatu. Maluwa ogwawo akapondedwa amathimbirira pansalu yoyera, njuchi zimakhala pa maluwa a pansiwo, ndipo mthunzi wa jacaranda nthawi imeneyo ndi wamawangamawanga chifukwa masamba amakhala ochepa, moti nkhope imatuluka ndi madontho a kuwala. Jacaranda ikhale kumbuyo kwanu patali, inu mutaima pamthunzi wokhuthala wa mtengo wina kapena wa nyumba. Harare Gardens ndi National Botanic Garden ya ku Alexandra Park ndi malo okongola, koma kuchokera ku Mufakose muyenera kudutsa tauni yonse Loweruka m'mawa, kupita ndi kubwerera, ndipo zimenezo zidya ola limene mulibe. Ngati mwasankhabe kumeneko, funsani kudakali nthawi za ola lotsegulira geti ndi malipiro a zithunzi za ukwati, ndipo kumbukirani kuti munda wa Botanic uli kufupi ndi State House, kumene saloleza kujambula. Musaimitse galimoto m'njira kuti mutole chithunzi, ndipo drone isauluke dera limenelo. Miyala ya ku Domboshava, nyanja ya Chivero ndi munda wa Ewanrigg zonse zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kapena kuposa kuchokera pakati pa Harare. Amenewo ndi malo a tsiku lina, ukwati utapita, mutavalanso zovalazo popanda wokuthamangitsani.

Malo oyenera m'mawa umenewu ndi osatchuka: bwalo la mbale wanu ku Marimba Park lokhala ndi mtengo waukulu wa mango kapena mapeyala, munda wa holo ya madyerero ngati ili pafupi, kapena bwalo la sukulu limene mwapempha chilolezo. Chofunika ndi mthunzi waukulu wosang'ambika, njira yowongoka ya masitepe 15 kapena 20 yoti muyendemo, kumbuyo kopanda zingwe zoyanikira zovala, matanki a madzi ndi magalimoto, geti lotsekeka, chimbudzi, ndi khonde lothawirapo. Okutobala mvula siichuluka, koma kumapeto kwa mweziwo yoyamba ikhoza kugwa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi khondelo n'lofunika ndithu. Wojambula akaone malowo sabata imodzi ukwati usanachitike, pa 8 koloko yomweyo, osati madzulo. Mthunzi umene ulipo 4 koloko madzulo umakhala mbali ina m'mawa. Mwini bwalo asathirire kapinga m'mawa umenewo, chifukwa dothi lofiira likanyowa n'kukhudza mpendero wa diresi silichoka ndi kansalu.

Kayendetsedwe kake n'kotere. Mkwati afike poyamba, wojambula amuimike pamalo osankhidwa, dzuwa lili kumbuyo kapena cham'mbali, nkhope ikuyang'ana kumene kuli kuwala kofewa. Atulutse foni, makiyi ndi chikwama m'matumba, chifukwa zimatupitsa thalauza. Achotse magalasi a dzuwa ndi chingamu. Batani la jekete limangidwe. Ngati pali vidiyo, kamaikolofoni kamangidwe mkati mwa jekete nthawi imeneyi, ndipo auzidwe kuti kakumva. Besitimani aime pageti ndi foni. Galimoto yanu ikafika iime pamene mkwati sangaione, ndipo musatsike mpaka wojambula atabwera kudzakutengani. Woperekeza wamkulu ayale mchira wa diresi, akonze velo kumbuyo, akupatseni maluwa, kenako achoke pamalopo. Maluwa muwagwire pamchombo, osati pachifuwa, kuti asabise diresi. Yendani pang'onopang'ono kuposa mmene mukuganizira, maso pa mwamunayo, osati pansi kapena pa kamera. Mukatsala sitepe imodzi imani, mupume, kenako mumugwire paphewa kapena mumutchule dzina.

Pali kanthu kakang'ono kamene kamaononga zithunzi zambiri: mbali imene mkwati atembenukire. Wojambula akakhala kudzanja lamanja la mkwati koma iye n'kutembenukira kumanzere, kamera imagwira nkhongo pa mphindi yokhayo imene simungaibwereze. Gwirizanani pasadakhale, ndipo inu mugwire phewa la mbali imene kuli wojambula, chifukwa munthu amatembenukira kumene wakhudzidwa. Akatembenuka musathamangire kukumbatirana. Siyani mpata wa mkono umodzi kwa masekondi angapo kuti akuoneni bwino ndipo nkhope zonse ziwiri zioneke. Mukhoza kuzungulira kamodzi kuti aone diresi lonse. Pokumbatirana, nkhope yanu isagunde phewa la suti, chifukwa ufa wofiirira pa suti yakuda kapena kolala yoyera umaoneka pa zithunzi zonse za tsikulo. Kenako wojambula atsitse kamera n'kukusiyani mphindi zisanu muli awiri. Ambiri amapemphera pamenepa. Pa tsiku lonselo mpata wina woti mulankhulane popanda munthu wokukokani dzanja sudzapezekanso.

Amuna ena amalira, ena amangoseka, ena amangoti mwatchena basi. Musamuikire mnzanu mayeso potengera mavidiyo a pa intaneti. Mwamuna amene wauzidwa kuti akuyembekezeka kugwetsa misozi amauma nkhope, ndipo kamera imaonetsa. Musabwerezenso kutembenukako kachiwiri kuti kukome. Kachiwiriko kamaoneka kuti ndi sewero.

Anthu oonerera akhale ochepa: azakhali, tete ngati akufuna, besitimani ndi woperekeza wamkulu, onse ataima mamita 20 kumbuyo kwa wojambula. Mafoni akhale m'matumba. Chithunzi chimodzi chikakwera pa status ya WhatsApp 8:30, pofika 9 koloko Mufakose yense ndi Highfield yense aliona diresi, ndipo lonjezo limene munapereka kwa ankhoswe lasweka. Ana ogwira maluwa ndi mphete asabwere m'mawa. Pofika 11 koloko adzakhala atatopa ndi kuda. Ajambulidwe kunyumba kapena pambuyo pa mapemphero.

Wojambula wanu mumufunse mafunso angapo, ndipo mayankho ake adzakuuzani ngati ntchitoyi anaigwirapo. Adzakhala angati? Ojambula awiri ndi abwino: mmodzi amatsata nkhope ya mkwati ndi lenzi yaitali ya 70-200mm ataima patali, wina amatsata inu ndi malo onse ndi lenzi ya 35mm. Akakhala yekha aime cham'mbali kuti nonse muoneke chammbali, ndipo asankhe nkhope ya mkwati pa mphindi yotembenuka, poti yanu adzaipeza pambuyo pake. Iye ndi wa vidiyo agwirizane poima, onse mbali imodzi, apo ayi aliyense adzatuluka m'chithunzi cha mnzake. Shutter (liwiro limene kamera imatsegulira ndi kutseka potola chithunzi) isatsike pansi pa 1/500 pamene mukuyenda ndi kutembenuka. Aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi) ya f/2.8 imasungunula kumbuyo bwino, koma awiri mukaima motalikirana ndi kamera mosiyana mmodzi amatuluka mbuu, ndiye f/4 ndi yodalirika. Pagulu la operekeza la mizere iwiri afike f/5.6 kapena f/8. Ajambule RAW (mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona), chifukwa ndi mmene angabwezere tsatanetsatane wa diresi loyera popanda kudetsa nkhope kapena kukuyeretsani khungu mpaka abale osakuzindikirani. Pamphindi yoonanayo fulashi isayake. Pa zithunzi zoimika za pambuyo pake akhoza kugwiritsa ntchito fulashi yofewetsedwa kapena chowalitsira choyera. Chasiliva padzuwa la Okutobala chimalasa m'maso. Kamera ikhale yolemba pa makhadi awiri nthawi imodzi, ndipo mabatire achajidwe Lachinayi, osadikira Lachisanu usiku magetsi atazima.

Diresi ndilo nkhawa yaikulu ya amayi, ndipo ndi nkhawa yoona, poti liyenera kulowa m'tchalitchi lili loyera. Tengani nsalu yoyera ya pabedi yakale, muziyala pansi pamene mwaima, n'kuibisa pansi pa diresi. Posuntha, woperekeza anyamule mchira, inu munyamule kutsogolo. Valani nsapato zafulati; zazitali zimamira mu kapinga ndipo siziwoneka n'komwe pansi pa diresi lalitali. Pewani m'mphepete mwa mpanda momwe mumamera chisoso, chifukwa timinga take tikakakamira pa neti ya diresi timachotsedwa kamodzikamodzi ndi zala. M'kachikwama ka woperekeza mukhale singano ndi ulusi woyera ndi wakuda, mapini, choko choyera chobisira kadontho pampendero, timapepala topukutira mafuta kumaso, lipisitiki yemweyo amene mwapaka, madzi akumwa ndi kapaipi komwera, ndi ambulera. Thukuta ndi misozi muzidinda ndi tishu, osapukuta. Pakagwa dontho la dothi louma, likunkhumuleni ndi kansalu kouma. Madzi amalisandutsa matope n'kulifalitsa. Mkwati abwere ndi malaya oyera achiwiri oti asinthe 9:30, ndipo jekete azivula nthawi iliyonse imene kamera sikumuyang'ana. Idyani kanthu musanavale, ngakhale tiyi ndi buledi kapena nthochi. Munthu amene wadzuka 4 koloko osadya, atamangidwa zingwe pamimba, n'kuima m'tchalitchi motentha, amachita chizungulire pa nthawi ya malumbiro.

Zithunzi za achibale musaziike m'mawa. Makolo amakhala akulandira alendo ndi kuyang'anira miphika, ndipo kubweretsa mabanja awiri pamodzi ukwati usanadalitsidwe kukhoza kutsegulanso nkhani imene munaitseka ndi ankhoswe. Zichitike mukangotuluka m'tchalitchi, pamthunzi wa khoma la tchalitchilo kapena pakhonde. Lembani magulu papepala, asapitirire 10 kapena 12, chifukwa gulu lililonse limadya mphindi zitatu. Yambani ndi agogo ndi okalamba kuti akakhale pansi, kenako abusa ndi ankhoswe, makolo a mbali iyi, a mbali inayo, onse pamodzi. Mbali iliyonse isankhe munthu wa mawu amphamvu wodziwa nkhope zonse kuti aziitana mayina, wina m'Chichewa wina m'Chishona. Wojambula sadziwa kuti amalume ndi ati. Mukatero pofika 1:30 mwamaliza, ndipo 2 koloko mukulowa m'holo ndi masitepe anu monga munalembera pakhadi.

Mumupemphenso woyendetsa mwambo kuti akusungireni mphindi 15 cha m'ma 5:15 madzulo, pamene anthu akuvina kapena kudya keke, mutuluke awiri ndi wojambula kuseri kwa holo. Mu Okutobala mpweya umakhala ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa, ndipo dzuwa likamalowa limafiira mofewa. Kuno mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa, ndiye mukachedwa mpaka 6 koloko mwaphonya.

Ndondomeko yonseyi isinthe ngati nthawi ya mapemphero yasintha. Abusa akakusunthirani ku 9 koloko, kuonana m'mawa kusiyeni. Mungafunike kuyamba zopakapaka 2:30 usiku, ndipo mudzafika kumadyerero muli mtembo woyenda. Mapemphero akakhala 2 koloko masana, kuonanako kumagwera pakati pa 11 koloko ndi 12 koloko, ndiye kuchitikire pakhonde lalikulu kapena m'chipinda cha mawindo aakulu, nyali zonse za m'chipindamo zitazimitsidwa kuti kuwala kukhale kwa mtundu umodzi. Kwa okwatira mu Juni ndi Julayi, dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30 n'kulowa cha m'ma 5:30, m'mawa kumazizira zedi ndipo kapinga amakhala ndi mame, choncho kuonanako kukhale 9 koloko ngati nthawi ya mapemphero ikulola, ndipo mkwatibwi akhale ndi chofunda pamapewa. Mu Ogasiti vuto ndi mphepo: velo imangidwe ndi mapini owonjezera, ndipo mkwatibwi aime moyang'ana kumene mphepo ikuchokera kuti velo iulukire kumbuyo, osati kumaso.

Ankhoswe akakana, landirani, ndipo musachite mobisa, chifukwa zithunzizo zidzatuluka ndithu ndipo mthunzi wa m'mawa umadziwika. Pemphani chocheperapo. Mukhoza kuima mbali ziwiri za chitseko chotsegula kapena pangodya ya khoma, osaonana, n'kugwirana manja n'kupemphera. Wojambula ataima kutsogolo amakugwirani nonse m'chithunzi chimodzi, ndipo zimatenga mphindi 10 zokha. Zimenezi zikhoza kuchitikira kuseri kwa tchalitchi 10:45. Nazonso zikakanidwa, wojambula ajambule inu ndi atsikana anu kunyumba 9 koloko, mkwati ndi anyamata ake kwawo, kuti pambuyo pa mapemphero kutsale achibale ndi gulu lonse pamodzi basi. Zithunzi za awirinu zipite ku 5:15 madzulo, ndipo pamenepo mupemphe mphindi 30 m'malo mwa 15. Muuzeni woyendetsa mwambo kuti perekaniperekani ya mbali zonse ikhale itatha 5 koloko, chifukwa mkwatibwi sangachoke pampando anthu ali pamzere ndi ndalama m'manja.